Mafunso Amene Unamufunsa Mlamu Wako

Mwana wanga,

Uli bwanji kumeneko ndi mpongozi wanga? Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akana. Masonso akuchita chifunga, ndiye zilembo zikamakhota usaseke, sukulu ndinalekeza sitandade faifi.

Mlamu wako, mkazi wa malemu mkulu wako, anabwerako Lachiwiri. Anatsika basi nsapato zili m'manja, zija anabwereka kwa aneba. Sanadye. Ndinachita kumukakamiza kuti alankhule.

Akuti ku kampani yanu yochapa zovalayo munakhala atatu kuseri kwa tebulo, iwe pakati. Munamupatsa malaya oyera ndi simbi kuti asite muone. Anasita mpaka kolala kuima. Palibe anawayang'ana malayawo, anangotsala pampando.

Iwe ndiye unayamba mafunso. Akuti unamufunsa ngati ali pabanja. Iwe, amene unanyamula nawo bokosi la mwamuna wake! Unafunsa kuti ana ndi angati, akadwala aziwasiyira ndani. Kenako unafunsa kuti mwamunayo anamwalira ndi chiyani, ndiponso ngati iyeyo amapita kuchipatala kukatenga mankhwala. Akuti mzimayi wa magalasi amene anali pambali pako anakokera mpando wake m'mbuyo, winayo n'kulemba kanthu papepala.

Potuluka akuti unamutsatira pakhonde, n'kumuuza kuti asadandaule, umangofuna anzakowo aone kuti sukondera wachibale. Wachita bwino, bwana. Aona ndithu.

Munthu anabwerera ntchito yosita. Kodi simbi imafunsa magazi a munthu?

Tsopano ndiulule changa. Za mankhwalazo anauza ine ndekha, kuchipinda, chitseko chotseka. Ndine ndinakuuza pafoni, ndimati umumvere chisoni umupatse ntchitoyo. Iye wazindikira komwe zinatulukira. Sanandikalipire ayi. Wangosiya kunditchula kuti amayi. Mwezi uno ukatha akubwerera kwawo ndi ana onse atatu, ndi kamtsikana komwe kaja kamandithira mankhwala m'maso. Zovala wamanga kale m'matumba, zili kuseri kwa chitseko.

Ndiye poti umakonda mafunso, nanenso ndili nawo. Wakhala pabanja zaka naini. Ana ali kuti? Vuto ndi la ndani, iwe kapena mkazi wako? Kuja munapita kukayezetsa chaka chatha, adokotala anati chiyani?

Usavutike kuyankha, ndikudziwa. Mkazi wako anandiuza akulira. Azakhali ako akamamunena kuti ndi chumba ine ndimangoti duu, kubisira iwe.

Zakuwawa eti? Iwetu ukuwerenga wekha. Mlamu wako anafunsidwa anthu akumva.

Ntchitoyo khala nayo, iye sangaifunenso. Chomwe ndikufuna n'chakuti ubwere mwezi usanathe, udzagwade pakhomo pano, udzapepese. Inenso ndidzagwada pambali pako, ngakhale mawondowa. Mwina matumba aja angamasulidwe.

Ukapanda kubwera, zidzukulu zanga n'kupita, ndikwera basi ndine. Ndidzakhala pampando womwe uja, ndidzakufunse mafunso angawa limodzilimodzi, mzimayi wa magalasiyo ali pompo. Winayo adzabwere ndi pepala lake.

Mulungu akusunge, ine ndatopa. Upereke moni kwa mpongozi wanga, iye alibe mlandu.

Ndine mayi ako,
amene anakulera osakufunsa kanthu.