Ufa wa Mawondo

Lolemba, 3 Malichi
Amayi akukwera masitepe osagwira khoma. Mawondo zii. Akuti ndi ufa wa zitsamba womwe amayi aang'ono akugulitsa. Koma nkhope! Yatupa, masaya phwii. Eni ake akuti n'kunenepa kwa mtendere. Ndatapako pang'ono mobisa.

Lachitatu, 5 Malichi
Ku labu, kuntchito kwathu. Abwana andilola kuyeza titaweruka. Ufa m'kabotolo, metanolo pamwamba, kukhutchumula, kusefa. Metanolo amasungunula mankhwala, masamba n'kutsala pansi. Timadzi tobiriwirato m'makina. Ndimayembekezera zinyalala za masamba basi.
Pa sikirini mzere umodzi wautali, njo!
Ndati mwina metanolo ndi wodetsedwa. Botolo latsopano, kuyambiranso. Chimodzimodzi. Sitiroidi, mankhwala amphamvu a kuchipatala oletsa ululu, otupitsa nkhope. Mapilitsi opera osakaniza ndi masamba, miyezi yonseyi.
Abwana anangoti, "Akumwa zimenezi ndani?"

Lachinayi, 6 Malichi
Ndaimbira amayi aang'ono. Kulira pa foni. Akuti amangopikula kwa munthu wina, nawonso akumwa. Kumwetsa mkulu wawo wa bere limodzi! Kaya ndi zoona, kaya.
Ufa wonse ndakhuthulira m'chimbudzi, amayi ali pakhomo akuona. Sanakalipe. "Mwanangu, ndinali nditayambanso kuyenda." Basi. Bwenzi bola akanandilalatira.

Lamulungu, 9 Malichi
Amayi sanadzuke lero. Kusanza, chizungulire, chakudya osachifuna. Mawondo ayambiranso. Ndawauza kuti ndi thupi likuchotsa zoipa, apirire. Ndinayankhula motsimikiza, ngati ndili kuntchito.

Lachiwiri, 11 Malichi
Kuchipatala. Agwa m'bafa m'mawa, thupi lonse lozizira. Kuwanyamula ine ndi aneba.
Ndaonetsa adokotala zimene makina anapeza, mumtima ndikudzitama pang'ono. Iwo kuwerenga, kundiyang'ana. "Mankhwala awa sasiyidwa kamodzin'kamodzi. Thupi linaleka kupanga ake, limadalira ufawo. Anawaletsa ndani?"
Ndani.
Panopa akuwabaya mankhwala omwewo mumtsempha. Omwewo! Akuti tikanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina.
Dzina la mankhwalawa ndikulidziwa, maonekedwe ake pa makina, chowasungunulira, zonse. Izi zokha ayi. Sindinafunse munthu.
Amayi aang'ono ali panja pa benchi, kuopa kulowa. Nawo asiya kumwa dzulo, chifukwa cha foni yanga. Ndathamanga kukawauza adokotala.
Amayi atsegula maso masana. Kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako kufunsa ngati ndadya.