Onse alemba zofanana za akasupe

Lachinayi, mwezi wa Juni. Mtima wandilemera lero.

Ndinauza ana a giredi 9 kuti aliyense alembe za akasupe otentha a Chinyunyu, omwe amawadutsa tsiku lililonse pobwera kusukulu. Lero ndachonga mabuku. Pafupifupi onse alemba zofanana, zotengedwa pafoni imodzi. Ngakhale Tisa, mwana wobadwira pomwepo, walemba kuti anaimapo paulendo wochokera ku Lusaka.

Nditamukalipira, anandiyang'ana modabwa. "Ba ticha, si inu mumatipatsa chilango tikasintha liwu limodzi pa manotsi a pabolodi?"

Zaka zonsezi ndawaphunzitsa kukopera, ndipo aphunziradi. Mawa ndiwalemberanso masamba atatu pabolodi, omwe inenso ndinakopera m'buku la ba Phiri, aphunzitsi anga akale.