Akuti Ndamudula Mwana

Lachinayi, Juni 1996. Kwazizira, ndipo tsiku lonse landiwawa.

Mwana wathu, amene anabadwa masiku asanakwane, akadali m'kabokosi kagalasi kuchipatala. Lero mimba yatupa, akupuma movutika. Adokotala akuti m'magazi mwalowa tizilombo tosaonekaoneka kuno, mwina tinadzera pa singano ya diripi. Mankhwala ake akudikira kuchokera ku Lilongwe.

Apongozi anga zimenezo sakuzimva. Anandiimitsa pakhonde, anthu akumvetsera.

"Bambo, nenani zoona. Mwayenda ndi ndani ku Chimbiya? Uwu ndi mdulo."

Akuti ndagona ndi mkazi wina mwana ali wakhanda, n'chifukwa chake akudwala. Ine amene ndimapalasa njinga kuchokera ku Kasina m'mawa uliwonse, nkhuni ndi mbatatesi kumbuyo! Esinati, mkazi wanga, anangoyang'ana pansi, osanditeteza. Chandipweteka kwambiri n'chimenecho.

Anamwino amalola kholo kulowa likasamba m'manja. Ndinasamba kawiri, koma apongozi anatsekereza pakhomo, akuti ndine wotentha. Ndamuonera pawindo.

Mwanayo alibe ndi dzina lomwe. Akatisiya mawa, ndidzakhala ndisanamukhudzeko ngakhale kachala, koma mudzi wonse udzati wamupha ndine.