Ndinafuna ya Agologolo, Anandigulira ya Nguluwe

Aphungu,

Ndikulemba ndili ndi mkwiyo. Munda wa koko ndi wanga, anandisiyira mayi anga monga mwa mwambo wathu. Mwamuna wanga, Uda Syafril (kuno mwamuna timamuitana Uda mwaulemu, mkazi Uni), ndi mkamwini chabe, ndipo mtima wake wonse uli pa agalu ake osakira nguluwe. Amawasambitsa ndi sopo, amawakweza pa njinga yamoto Lamlungu lililonse, koma mitengo ya koko sadziwa n'komwe kuti imathera pati.

Chaka chino agologolo andiboolera zipatso mpaka ndinalira. Mnzanga wina anandibwereka mfuti yake ya mpweya, yopopa ndi manja. Ndinayeserera pa zitini kuseri kwa nyumba, ndipo ndinapeza kuti diso ndili nalo. Ndinaganiza zogula yanga, yoti ndiziteteza munda komanso kumakawombera chandamale ku kalabu ndi amayi anzanga.

Cholakwa changa chinali kupita kusitolo ndi Uda. Nditanyamula kamfuti kopepuka, wogulitsa anandiseka. "Uni, kameneko n'koopsezera nkhuku. Tabwezani, mungadzipweteke." Kenako anatembenukira kwa mwamuna wanga ngati ine kulibe. "Uda, bambo ngati inu mukufunika iyi ya gasi, yakukamwa kwakukulu. Nguluwe ikangoiona imagona yokha!" Uda anangoti mano mbee. Tinabwerako ndi chimfuti cholemera choti ndikachikweza mkono umanjenjemera, ndipo gasi wake amathirira kutauni kokha.

Lamlungu anapita nacho kosaka. Anawombera nguluwe yaimuna, koma chipolopolo chinangoilasa paphewa. Inang'amba galu wa mnzake n'kuthawira m'munda mwanga, ndipo ili momwemo mpaka lero. Amayi amene amandithandiza kuthyola akana kulowamo, koko wapsa, wayamba kuda pamtengo. Nditamufunsa Uda anati, "Iwe Nel, vuto ndi loti mfutiyi yachepa. Tigule ina yoposa iyi."

Aphungu, ndivomere? Kodi mfuti yoyambira munthu amasankha bwanji?

N. R., Payakumbuh

Uni N. R.,

Musavomere. Ndakwiya nanu limodzi, ndipo wandinyansa kwambiri ndi wogulitsayo. Iye amadziwa bwino kuti mfuti ya mpweya, ngakhale ya gasiyo, si ya nguluwe. Anaona mwamuna wokonda kutamandidwa, n'kumugulitsa matamando.

Tiyambe ndi nguluwe. Pitani lero kwa akuluakulu a gulu la alenje, muwauze mosabisa kuti munthu wawo wakusiyirani chilombo chovulala m'munda. Atenge agalu awo ndi munthu wa mfuti yeniyeni, wokhala ndi chiphaso, akamalize zimene anayamba. Uda akachita manyazi, achite, sadzafa nawo.

Chimfuticho chibwerere kumene chinachokera. Mufunsenso apolisi za mapepala ake, chifukwa mfuti yakukamwa kwakukulu siyenda popanda chilolezo, ndipo ndikukayika ngati wogulitsayo anatchulako zimenezo.

Tsono yanu. Musanalowenso musitolo, pitani ku kalabu mukagwire mfuti za anzanu, muwombere nazo. Yoyenera ndi imene mukaiika paphewa imakhazikika, chala n'kufika pokhethemulira osatambasula mkono. Kwa agologolo ndi chandamale, yopopa ndi manja ya tizipolopolo tating'ono ikukwanirani, ndipo mpweya wake sufuna ulendo wakutauni. Kagalasi koonera patali kayambe kadikira, phunzirani kaye kulunjika ndi diso lanu. Wogulitsa akakana kuti muiyese, tulukani, sitolo si imodzi. Mupite ndi mnzanu uja, Uda atsale. Ndipo powombera m'mitengo muziyamba mwadziwa chimene chili kuseri kwake, pakuti chipolopolo chikaphonya gologolo sichiima pomwepo.

Chenjezo langa ndi ili. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndikuona mayi wopsa mtima woti akhoza kunyamula chimfuticho yekha n'kulowa m'munda kuti apulumutse zokolola. Musayerekeze. Nguluwe yovulala sithawa munthu, imamudikirira. Alenje akachedwa, koko wa chaka chino awole, ndipo zikupwetekeni muli m'nyumba, miyendo yonse iwiri ili yanu.

Aphungu