Yunifomu ya Eni Ake

Lolemba, pa 3 Malichi

Mayi wina wayendera mashopu onse a mzere wathu ndi buku lalikulu, akulemba ana osapita kusukulu. Ati ndi wa bungwe. Atsegula kalasi kuseri kwa msika yoti ana osiya sukulu aphunzire miyezi isanu ndi umodzi, kenako n'kuwabwezera kusukulu yeniyeni. Kwaulere. Liwu limenelo ndilo landikayikitsa. Ndani m'tauni muno amapereka chinthu kwaulere, n'kuchita kukulondola nacho pakhomo?

Mwamwayi Kabatani ndinali nditamutuma kukagula ulusi.

Lachiwiri, pa 4 Malichi

Wometa wa shopu yoyandikana nane ati anthu amenewa amayamba ndi kumwetulira. Akamaliza kulemba amabwera ndi galimoto, mwana n'kumutenga, iwe n'kukuimba mlandu wogwiritsa mwana ntchito. Ndamufunsa kuti anaziona kuti. Ati anamva. Wometa amamva zambiri, komabe mtima wanga suli m'malo.

Kabatani ndi mwana wa malemu achimwene, zaka khumi ndi ziwiri. Anabwera kwa ine ali kalasi yachitatu, wopanda kalata ya kusukulu yake yakale. Ndinati chaka chamawa. Zaka zamawazo zakwana ziwiri. Mabatani amasokerera bwino kuposa ine telala mwiniwake, osabisa. Koma ndimamudyetsa, ndimamuveka, amagona pambali panga. Andilande?

Lachinayi, pa 6 Malichi

Wabweranso Mayi Wabuku. Ndinamuona akadali kwa wometa, ndiye ndinatsomphola yunifomu imodzi mwa zimene ndikusokera sukulu ya kumtunda, n'kumuveka Kabatani msangamsanga.

"Uyu amapita masana," ndinatero.

Anayang'ana mwana, n'kuyang'ana mpendero. Choko changa chabuluu chinali poyera, mapini awiri akadali pomwepo. 

"Uli kalasi yanji, mwanawe?"

Kabatani anayang'ana ine. Ndinamuyankhira kuti yachisanu.

"Chabwino, mayi. Ine ndimatsata zimene wanena kholo."

Anatsegula buku, n'kudula mzere pa dzina lake. Dzina lenileni, osati la Kabatani limene timamuitanira, ndi la bambo ake lomwe, linalimo kale. Anamuuza ndani?

Lachisanu, pa 7 Malichi

Ndikuganizira wometa. Kapena mwini nyumba, paja tinakanganapo za mpopi. Lero sindinapatse moni aliyense.

Kabatani wasokerera mabatani atatu mokhota. Sanachitepo.

Loweruka, pa 8 Malichi

Ndamupeza akusita yunifomu ija osamutuma, chala chili pa baji, akuwerenga zilembo chimodzichimodzi. Anafika pakati n'kukakamira. Ndinamufunsa ngati akudziwa amene anamulembetsa.

"Ndine, azakhali. Tsiku la ulusi lija ndinakumana nawo pamsewu."

Ndinakwiya kwambiri. Masiku onsewa ndikuthyolera anthu khosi, kumachita kuwerenga nkhope zawo, pamene mwini nkhani ndikudya naye mbale imodzi.

"Ukufuna akutenge?"

"Anati tiziweruka 12 koloko. Mabatani ndizisoka masana, sindisiya."

Moti mwanayu anali atakonza kale zonse, ndi ntchito yanga yomwe anaiganizira. Ndachita manyazi, koma mantha sanathe. Ati malo ndi makumi atatu okha, kulemba atseka Lolemba.

Lamulungu, pa 9 Malichi

Makina sindinawakhudze. Kabatani nayenso za kalasi ija sanatchule, ndipo ndi zimene zikundipweteka.

Lolemba, pa 10 Malichi

Ndatseka shopu, ndapita ndi Kabatani ku kalasi ija atavala diresi yake yomwe. Ndinayamba ndazungulira kuseri kuona ngati pali pobisa galimoto. Panali njinga yophwa tayala basi. M'katimo mabenchi, bolodi, ana ena otalika kuposa ine. Wina ndevu zayamba kale.

Mayi Wabuku za yunifomu sanatchule. Anangotsegula pa tsamba lija.

"Mzerewu ndinadula chifukwa cha mawu anu, mayi. Kuti ndilembenso, mundiuze nokha."

Ana onse maso anali pa ine. 

"Sapita kusukulu. Zaka ziwiri. Ndine ndinamukhazika pakhomo."

Walemba, nambala 29. Ndamuuza kuti sindichoka, ndikhala pabenchi yakumbuyo mpaka aweruke, ndione ndi maso anga. Wati khalani. Ndikulemba izi pabondo, chitseko ndikuchiyang'anabe. Kabatani ali kutsogolo kwenikweni, ndipo chikhalireni sanacheuke ngakhale kamodzi.