Akuti ziputu za mpunga wanga ndi khola la mbozi

Aphungu,

Ndine bambo wachikulire wa kwa Nthache kuno ku Mwanza. Sukulu ndinalekezera panjira, ndiye mukaona polakwika musaseke, muone nkhani yake. Ndalemba chifukwa pamudzi pano ndikayankhula anthu amayang'ana kumbali.

Kuno ndinabwera chikamwini ndili mnyamata. Mkazi wanga, a Esime, anatisiya chaka chadzana. Abale awo sanandithamangitse, anati ndikhale ndi ana anga. Chomwe ndinatsala nacho ndi kachigawo ka kudambo komwe tinkalima mpunga awirife. Mbewu yake si yogula. A Esime anaitenga kwa azakhali awo kuseri kwa Zobue, ataimanga pansonga ya chitenje. Imachedwa kucha, sindikana, koma mpunga wake ukakhala pamoto munthu wodutsa panjinga amatembenuka.

Ndimakolola monga tinkachitira ndi malemuwo. Ndimabudula ngala zokha ndi kampeni, mapesi n'kuwasiya chilili. Dambo lathu siliuma msanga, ndiye ziputu zija zimaphukanso n'kubereka kampunga kena kochepa. A Esime ankati ka mphukira ndi ka alendo. Sitinagonepo ndi manyazi mlendo atafika.

Tsono mbozi zatilowerera. Mpunga ukamakula mtima wake umauma, ukaukoka umangosololoka. Wina umatulutsa ngala zoyera mbee, ukafinya mulibe kanthu. Ukang'amba phesi umapeza kambozi kali phee mkati. Zagwera tonse a m'dambomo, osati ine ndekha. Koma anzanga amadzala mbewu yocha msanga, amadula ndi chikwakwa pansi penipeni, n'kugalauza nthaka. Ndiye akuti wolakwa ndine.

Mwezi wathawu kunabwera mlamu wanga Stafford, mchimwene wa malemuwo, yemwe ndiye mwini mbumba. Anabwera ndi mphwake Aubrey, mwana wa mchemwali wake wina. Stafford anazula chiputu changa pamaso pa azimayi otunga madzi, n'kuching'amba, n'kunena kuti, "Alamu, khola lanu ndi ili. Mukuziweta bwino, taonani kunenepa kwake." Azimayi aja anaseka.

Ine ndinati, "Mbozi imeneyo yakuuzani kuti bambo ake ndine? Dambo ili ndinalilambula ndi manja awa inu mukukankha makala kupita ku boma."

Iye anati, "Munalambula, koma dambo ndi la mbumba yathu. Mvula yoyamba ikapeza ziputuzi zili chilili, chigawochi tipatsa Aubrey. Ndipo mbewu yanu yamakedzanayo muiiwale, imatichedwetsa tonse."

Aphungu, Aubrey ameneyu wakhala akuchiyang'ana chigawo changa kuyambira kale, chifukwa kasupe ali kumtunda kwake. Pamaliro a mkazi wanga ankalira maso ali kudambo. Chondiwawa kwambiri ndi mwana wanga Deliwe. M'malo moima nane anangoti, "Bambo, ingozulani, amalume asakwiye." Mwana amene anakulira phala la mpunga womwewo!

Ine sindizula. Sinditaya mbewu ya mkazi wanga chifukwa cha mnyamata wosirira munda. Mnzanga wina wandipatsa botolo la mankhwala amene ankapopera thonje. Ndikufuna ndipopere chigawo chonse, ziputu ndi mphukira zomwe, kenako ndiitane Stafford adzang'ambe yekha aone ngati apeza mbozi yamoyo. Sindikupempha chilolezo. Ndingofuna munthu mmodzi padziko pano andiuze kuti sindikulakwa.

S.M., Nthache, Mwanza

Bambo S.M.,

Pepani ndi imfa ya mayi athu a Esime. Pepaninso kuti munthu mmodzi amene mukumufunayo sindikhala ine, chifukwa pankhani ya ziputu alamu anu akunena zoona. Ananena mwachipongwe, pagulu, ndipo pamenepo analakwa. Koma mbozi ija sanabwere nayo m'thumba.

Mbozi zoboola mapesi zimachokera ku tiagulugufe timene timaikira mazira pamasamba a mpunga. Anthu akakolola, zimabisala m'ziputu kudikira nyengo ina. Anzanu akagalauza zigawo zawo, malo otsala ndi anu, ndipo mphukira zanu zimazidyetsa chilimwe chonse. Komanso mpunga wanu umatsala wokha wauwisi ena atakolola, ndiye tizilombo ta m'dambo lonse timasamukira kwa inu. Woyamba kuluza ndinu.

Koma pa mbewu, imani nji. Mbewu siibala mbozi, ndipo palibe chifukwa choitayira. Chofunika kusintha ndi kalimidwe kokha.

Sabata ino tengani khasu. Dulani mapesi pansi, zulani ziputu, zikwirireni mozama kapena muziunjike padzuwa ziume kutali ndi munda. Ngati madzi a kasupe uja angafike, athirireni pachigawopo akhalepo masiku angapo, mbozi zotsala zife. Lambulaninso udzu wa m'mbali, chifukwa namonso zimabisala. Umenewo si udzu wanu nokha, ndiye a Stafford ndi Aubrey agwire nawo zikwakwa.

Popeza mbewu yanu imachedwa, fesani nazale yanu anzanu asanayambe, kuti mpunga wonse wa m'dambo udzatulutse ngala nthawi imodzi. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu akuthandizani kuwerengera nthawiyo. Aitaneni ayendere zigawo zonse, osati chanu chokha. Powokera, dulani nsonga za masamba a mbande, chifukwa mazira ambiri amakhala pamenepo. Mpunga ukamakula muziuyendera. Mukaona wouma mtima, zulani phesi lonselo n'kuliwononga, osalitaya m'mbali mwa munda. Ngati mumathira feteleza, musamuchulutse nthawi imodzi, mpunga wonenepa mopitirira umakoka tizilombo.

Kubudula ngala ndi kampeni musasiye. Ndi njira yabwino yosankhira mbewu. Sankhani ngala zodzadza, ziumitseni bwino, musunge m'chigubu chotseka kuti anankafumbwe asalowe. Mukatha kubudula, bwererani ndi chikwakwa. Ka alendo kaja muzipatula pa zokolola zoyamba. Mbozi zikachepa, kadzapezeka.

Za Deliwe, musamuone ngati wakugulitsani. Pamwambo wa kwanuko, munda wa mayi ake ndi wake kuposa Aubrey, ndipo akuona kuti ziputu zikupatsa anthu chifukwa choulandira. Khalani naye pansi. Mugawireni mbewuyo asunge kwake, ndipo tsiku lozula mupite naye kudambo anthu akuona. Mukatero, wofuna chigawocho adzayenera kunena poyera kuti akufuna kasupe, osabisalanso kumbuyo kwa mbozi.

Chenjezo langa ndi pa botolo lija. Libwezeni kwa mwini wake. Mbozi ili mkati mwa phesi, mankhwala opopera pamwamba saipeza. Amene afe ndi akangaude, atombolombo ndi achule omwe amakudyerani tizilombo, ndipo mankhwala otsalawo atsikira m'madzi amene azimayi aja amatunga. Mwana wa munthu akadwala, simudzafunikanso kudikira mvula yoyamba, chigawo chidzapita tsiku lomwelo, ndipo Deliwe sadzakhala ndi pakamwa pokuikirani kumbuyo.

Kanani, bambo, koma mukane pamalo pake. Pansonga ya chitenje paja a Esime anamangapo mbewu, sanamangepo ziputu.

Aphungu