Chingondo cha Tamala

Loweruka, mwezi wa Ogasiti, kuno ku Zemba

Kwacha ndi mphepo ya fumbi. Lero ndatuluka koyamba chiikireni maliro a mkazi wanga, Naphiri. Ndinapita kubwalo kukaona anamwali akutuluka m'tsimba. Naphiri ndiye anavutika zaka zambiri kunyengerera anamkungwi anzake kuti chinamwali chizichitika sukulu zikatsekera, ndipo mwana akavinidwa azibwerera m'kalasi. Ndimaopa kuti zonsezi tinazikwirira naye limodzi.

Nkhawa yanga inali pa Tamala, mwana wa pakhomo loyandikana nafe. Atsibweni ake, a Zulu, anali atamupezera kale mwamuna wogula thonje ku Mlolo.

Anzake anatuluka atasenza zingondo zoumbidwa ngati nyama, monga mwa nthawi zonse. Cha Tamala chinali buku lotsegula, ladothi, mizere yake atailemba ndi mwaye. Anthu onse maso anali pa bukulo, ng'oma ikulira. Ndawerenga mabuku ambiri, koma palibe limene linandichititsa tsemwe ngati limeneli.

A Zulu anasendera kwa a Nabanda, namkungwi wamkulu. "Amayi, nanga munthu uja ndikamuuze chiyani?"

"Mukamuuze kuti wachedwa, achimwene. Mwana tamupereka kale kwa ali pamutuyo."

A Zulu analiyang'ana bukulo nthawi yaitali, kenako anasupa ngati wina aliyense. Sananene kuti avomera. Anangondifunsa chapansipansi ngati njinga ya malemu ikadali yabwino, poti kusukulu n'kutali.

Chimwalirireni iye, njingayo sindinaikhudze. Mawa ndiipopa.